Chotsani alendo osaitanidwa pa kompyuta yanu

Aliyense amene amagwira ntchito ndi kompyuta ya Windows anazionapo izi. Mwagula laputopu yatsopano, kapena mwangolowetsa pulogalamu imodzi yokha yowerengera zikalata za PDF, koma poyang'ana pa desktop mukupeza tizithunzi tinayi kapena tisanu tomwe simunatiitane. Kena kakuti kamateteza ku mavairasi, kena kakulonjeza kuti kompyuta izithamanga ngati mphepo, kena n'ka masewera, kenanso kakulozerani ku sitolo ya pa intaneti yomwe katundu wake safika n'komwe kuno. Ambiri timangodina Delete, kachithunzi n'kusowa, mtima n'kukhala m'malo. Pakangotha sabata, kachithunzi kaja kabwereranso pamalo pomwe paja.

Nkhaniyi imaoneka yochepa, yoti munthu wotanganidwa sangatayirepo nthawi. Ine ndikuti siyochepa ayi. Tizithunzi timeneti, tomwe pa Chingerezi amati ma shortcut, ndi mapazi a munthu amene walowa m'nyumba mwanu osaodira. Kompyutayo munagula ndi ndalama zanu, bandulo ya intaneti mumagula nokha, magetsi mumalipiranso nokha. Tsono amene waikamo katundu wake popanda kupempha akudya thukuta lanu. Mfundo yanga lero ndi yakuti kufufuta kachithunzi kokha sikuthetsa vuto. Choyenera kutuluka ndi pulogalamu yomwe yabweretsa kachithunziko, ndipo makampani amene amatilowetsera mapulogalamu mozemba tisamawalekerere ngati kuti umenewu ndi mwambo.

Tiyambe n'kumvetsa kuti shortcut n'chiyani. Ndi kafayilo kakang'ono zedi, ka makilobayiti owerengeka chabe, komwe ntchito yake ndi kuloza kumene pulogalamu yeniyeni ikukhala. Dzina lake limathera ndi zilembo za .lnk, ngakhale Windows imabisa zilembo zimenezi, ndipo mumakazindikira ndi kamuvi kopindika komwe kamakhala m'munsi mwa kachithunzi chakumanzere. Kali ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu cholozera ku golosale. Mukazula chikwangwanicho golosale siigwa, mwini wake amapitiriza kugulitsa monga mwa masiku onse.

N'chimodzimodzi ndi kompyuta. Mukafufuta shortcut, pulogalamu imakhala ikadali mu hard disk ndipo ikudya malo. Ngati anaikonza kuti izidzuka nthawi yomwe kompyuta ikuyaka, imadzukabe, n'kumachedwetsa makina, n'kumatapa zatsopano pa intaneti ndi bandulo yanu. Mapulogalamu ambiri akamadzikonzanso amabwezeretsa chikwangwani chawo pa desktop, ndipo n'chifukwa chake kachithunzi komwe munafufuta kamabweranso. Palinso vuto lotembenuza lomweli. Nthawi zina mumachotsa pulogalamu bwinobwino, koma iyo pochoka n'kusiya shortcut yake pa desktop kapena mu Start. Mukadinapo, Windows imangoti chinthu chomwe kachithunziko kakuloza sichikupezeka. Apa golosale inatsekedwa kalekale koma chikwangwani chikusocheretsabe anthu.

Nanga alendowa amalowera khomo liti? Kumsika, mayi wogulitsa tomato akamaika banyira amaika poyera, wogula akuona, ndipo tomatoyo akakhala woola wogula amakana. Banyira wa pa kompyuta amalowa mwa njira ina. Khomo loyamba ndi kufakitale komwe. Makampani opanga mapulogalamu amalipira opanga makompyuta kuti awaikire katundu wawo makina asanatuluke, monga antivirus yongolawitsa masiku 30 yomwe ikatha imayamba kukuopsezani kuti mulipire. Khomo lachiwiri ndi pomwe mukulowetsa pulogalamu yaulere. Pakati pa masamba omwe timangodina Next, Next osawerenga pamakhala kabokosi komwe anachongeratu kale, kakuti mwavomera kulandiranso pulogalamu ina. Pulogalamu yachiwiriyo ikalowa, wina kwinakwake walandira ndalama.

Kuti mudziwe kuti desktop yanu ndi malo a malonda, kumbukani zomwe zinachitika ku America m'chaka cha 1996. Kampani ya Compaq, yomwe panthawiyo inali imodzi mwa makampani akuluakulu opanga makompyuta, inachotsa tizithunzi ta Internet Explorer ndi MSN pa makompyuta ake a Presario. Microsoft inalembera Compaq kalata yoopseza kuti ithetsa chilolezo chake chogulitsa makina okhala ndi Windows, ndipo Compaq inabwezeretsa tizithunzito. Nkhaniyi inadzakambidwa pa mlandu womwe boma la America linasumira Microsoft m'chaka cha 1998, ndipo woweruza Thomas Penfield Jackson anailemba m'zomwe khoti linapeza mu November 1999. Taganizani, makampani awiri a ndalama zankhaninkhani kukanganirana tizithunzi tiwiri. Iwo amadziwa kuti chomwe chili pamaso pa munthu tsiku ndi tsiku ndicho amadina. M'chaka cha 2015, Windows 10 nayo inatuluka ndi masewera a Candy Crush Saga, ngakhale kwa munthu amene anagula makinawo kuti azilembera malipoti a ku ofesi.

Chitsanzo cha khomo lachiwiri ndi Java, pulogalamu ya kampani ya Oracle yomwe makompyuta ambirimbiri padziko lapansi ankaifuna. Kwa zaka zingapo, munthu akamalowetsa kapena kukonzanso Java ankapeza kabokosi kochonga kale kolowetsera Ask Toolbar, yomwe inkasintha malo ofufuzira zinthu mu browser. Mu January 2013 mtolankhani Ed Bott wa ZDNet analemba kuti Ask Toolbar inkadikira mphindi 10 isanalowe. Choncho munthu wozindikira msanga kuti wadina molakwika akathamangira kukayang'ana pa mndandanda wa mapulogalamu sankapezapo kanthu, n'kumaganiza kuti wapulumuka. Oracle inasiya kuphatikiza Ask m'chaka cha 2015, koma m'malo mwake inaikamo za Yahoo. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ankakonzanso Java pofuna kutseka mipata yolowera akuba, ndiye wochita zanzeru ndi amene ankalandira mphotho ya zinyalala.

Wina anganene kuti kumeneku n'kusowetsa mtendere chabe, palibe amene anavulalapo. Amene akuganiza choncho amve za Lenovo. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, kampaniyi inagulitsa malaputopu mazana a zikwi okhala ndi pulogalamu yotchedwa VisualDiscovery, ya kampani ya Superfish. Ntchito yake inali kuonetsa malonda munthu akamayang'ana katundu pa intaneti. Kuti ikwanitse kusuzumira ngakhale m'mawebusaiti otetezedwa, inkaika mu Windows setifiketi yakeyake. Setifiketi ya mtundu umenewu ili ngati chidindo chomwe kompyuta imaonera kuti webusaiti ya banki ndi yeniyenidi. Tsoka lake, kiyi wa chidindocho anali mmodzi pa malaputopu onse, ndipo mu February 2015 katswiri wina, Robert Graham, anatulukira mawu ake achinsinsi. Kuyambira pamenepo wakuba amene ali nanu pa Wi-Fi imodzi akanatha kudzionetsa ngati banki yanu, laputopu osadandaula chilichonse.

Phunziro lalikulu pa nkhani ya Lenovo lili apa: amene anachotsa Superfish mwa njira ya masiku onse anapeza kuti setifiketi ija yatsalira m'makina, khomo likadali pululu. Zinatengera Lenovo kutulutsa chida chapadera, komanso Microsoft kukonza Windows Defender, kuti zotsalirazo zichoke. Mu September 2017 Lenovo inagwirizana ndi bungwe la Federal Trade Commission kuti izipempha kaye chilolezo chomveka isanaike mapulogalamu a mtundu umenewu, ndipo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku zigawo 32 za dziko la America. Ngati kuchotsa pulogalamu yonse kunali kosakwanira, nanga kufufuta kachithunzi kokha kungathandize chiyani?

Amene anagwiritsapo ntchito Windows XP akukumbukira kauthenga komwe kankatuluka pakatha masiku 60 aliwonse, kopempha kuti kasese tizithunzi tomwe simukutigwiritsa ntchito n'kutiunjika mu foda imodzi. Desktop inkaoneka yoyera, koma mapulogalamu onse ankatsala momwemo. Kusesa kwenikweni kumayenda motere.

Choyamba, funsani kachithunziko kwawo. Dinani batani lakumanja la mouse pa kachithunzipo, sankhani Properties, ndipo werengani zomwe zalembedwa mu bokosi la Target. Ngati kakungoloza ku adiresi ya webusaiti, kufufuta n'kokwanira chifukwa kumbuyo kwake kulibe pulogalamu. Ngati kakuloza ku foda ya mu Program Files kapena AppData, dziwani kuti mwini wake ali m'nyumba, ndipo dzina la fodayo likuuzani kuti ndi ndani.

Chachiwiri, tulutsani pulogalamuyo musanakhudze kachithunzi. Mu Windows 11 pitani ku Settings, kenako Apps, kenako Installed apps. Mu Windows 10 malo omwewo amatchedwa Apps & features, pomwe mu Windows 7 mumadzera ku Control Panel n'kulowa mu Programs and Features. Sanjani mndandandawo motsata tsiku lomwe mapulogalamu analowa. Mukatero alendo amaonekera okha, chifukwa amakhala pa tsiku limodzi ndi pulogalamu yomwe munalowetsa mwadala. Dinani Uninstall, koma werengani tsamba lililonse, popeza ena potuluka pomwepo amayesa kukusiyirani mnzawo.

Pamenepa pakufunika kudekha. Sikuti dzina lililonse lachilendo ndi la mdani. Mayina monga Intel, AMD, Realtek, NVIDIA kapena Microsoft Visual C++ ndi a zipangizo zomwe zimayendetsa mawu, zithunzi, intaneti ndi mapulogalamu ena, ndipo mukazichotsa mudzalira. Safunsa anadya phula. Fufuzani dzinalo pa intaneti kapena funsani wodziwa, ndipo ndi nzeru kupanga kaye restore point kuti zikasokonekera mubwerere pomwe munali.

Chachitatu, tsopano sesani zotsalira. Ambiri sadziwa kuti desktop yomwe timaiona ndi mafoda awiri ophatikizana, ina yanu nokha ndi ina ya onse ogwiritsa ntchito makinawo, yomwe imabisika mu C:\Users\Public\Desktop. Mapulogalamu ambiri amakonda kuika tizithunzi tawo mu foda ya onseyi, ndipo n'chifukwa chake kompyuta ya ku ofesi kapena ya ku sukulu imakana kufufuta kachithunzi mpaka atavomera administrator. Za mu Start mumazipeza podina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba shell:programs, kenakonso shell:common programs. Kachithunzi ka pa mzere wa m'munsi kamachoka mukadina batani lakumanja n'kusankha Unpin from taskbar.

Chachinayi, onani amene amadzuka nanu limodzi m'mawa. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi mumatsekula Task Manager, ndipo pa gawo la Startup pali mndandanda wa mapulogalamu omwe amayamba okha kompyuta ikayaka. Omwe simukuwafuna adineni Disable. Kachithunzi kakamabwerabe pambuyo pa zonsezi, suzumirani mu Task Scheduler, chifukwa mapulogalamu amakani amasiyamo lamulo loti azidzibwezeretsa. Onaninso ma extension a mu browser yanu, ndiponso Target ya shortcut ya browser yomweyo. Mukapeza adiresi ya webusaiti yachilendo italembedwa kutsogolo kwa chrome.exe, firefox.exe kapena msedge.exe, ifufuteni. Ameneyo ndi msampha womwe umachititsa kuti browser izitsekukira pa tsamba la malonda ngakhale mutasintha zonse.

Zida zothandiza zilipo. Mu Windows Security, pansi pa App & browser control, muli chotchinga cha mapulogalamu osafunika, ndipo onetsetsani kuti n'choyatsa. AdwCleaner ya kampani ya Malwarebytes ndi yaulere ndipo inapangidwira ntchito yomweyi. Koma chenjerani ndi zotsatsa zomwe zimangotulukira pa sikirini n'kumati kompyuta yanu ili ndi mavuto mazanamazana, dinani apa tiikonze. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ambiri mwa osesa oterewa ndi omwewo obweretsa zinyalala.

Pali mtundu wina wa shortcut womwe ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi kuno kwathu amaudziwa bwino. Mwatenga fulashi kukasindikiza ntchito ya ku sukulu pa makina omwe amalandira mafulashi a anthu ambiri, pobwera mukupeza mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi. Ameneyu si banyira wa amalonda, ndi vairasi. Imabisa mafayilo enieni n'kuika ma shortcut a mayina omwewo, ndipo mukadinapo mwaidzutsa kuti ilowe m'kompyuta yanu. Musadine, komanso musathamangire kuchita format, chifukwa nthawi zambiri ntchito yanu imakhala ikadali momwemo. Pimani fulashiyo ndi antivirus, uzani File Explorer kuti ionetse mafayilo obisika kuphatikizapo otetezedwa, kopani ntchito yanu, kenako fufutani tizithunzi tabodzato. Amene amapeputsa kafayilo ka .lnk adziwe kuti Stuxnet, vairasi yomwe inadziwika m'chaka cha 2010 ndipo inaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, inkafalikira kudzera pa mafulashi pogwiritsa ntchito chilema cha momwe Windows inkawerengera ma shortcut.

Tsono tiwamvere mbali yawo amalondawa. Iwo amati phindu pa laputopu imodzi ndi lochepa, ndipo ndalama za otsatsa zimathandiza kuti mtengo utsike. Amatinso wolemba pulogalamu yaulere nayenso ali ndi ana ofuna kudya, ndiye walira mvula walira matope. Komanso n'zoona kuti mapulogalamu ena obwera ndi makina ndi othandiza, monga osamalira batire kapena oyendetsa printer. Sindikutsutsa kuti munthu apeze cholowa pa ntchito yake. Chomwe ndikukana ndi kuzemba. Ngati pulogalamu yowonjezerayo ndi yabwino, bwanji osasiya kabokosi kopanda chochonga kuti wofuna achonge yekha? Bwanji kudikira mphindi 10? Bwanji kubisa batani lokanira m'tizilembo ting'onoting'ono? Wogulitsa katundu wabwino sabisa katundu wake m'thumba la wogula. Ndipo mapulogalamu ngati VLC, LibreOffice ndi 7-Zip aonetsa kuti n'zotheka kukhala aulere popanda kusenzetsa anthu zosapempha, bola muwatenge pa mawebusaiti a eni ake.

Zomwe tikupempha ndi zinthu ziwiri zosavuta: kupempha polowa ndi kusesa potuluka. Mayiko ena anayamba kale kuzilemba m'malamulo. M'chaka cha 2014 boma la South Korea linauza makampani a mafoni kuti mapulogalamu ambiri obwera ndi foni azikhala ochotseka, kupatula ochepa omwe foni singayende popanda iwo. Mu October 2019 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa kampani ya Planet49 wokhudza ma cookie a pa mawebusaiti, linagamula kuti kabokosi kochongeratu si chilolezo. Kuyambira mu March 2024, lamulo la Digital Markets Act likukakamiza makampani akuluakulu kulola anthu a ku Ulaya kuchotsa mapulogalamu obwera ndi makina, moti Microsoft inalola kuti kumeneko browser yake ya Edge izichotseka. Izi zikusonyeza kuti luso lochotsera linalipo kale, chomwe chinkasowa ndi wowakakamiza.

Kuno kwathu sitipanga makompyuta, koma sikuti tilibe pogwira. Malaputopu ambiri amatipeza atagwirapo kale ntchito kunja, ndipo asanafike kwa wogula amadutsa m'manja mwa amisiri a m'matauni omwe amaikamo Windows ndi mapulogalamu ena. Inu amisiri, mukamakonzera munthu makina mufunseni zomwe akufuna, ndipo polowetsa pulogalamu sankhani Custom kapena Advanced kuti muone zomwe zabisala. Kudzaza desktop ndi tizithunzi makumi atatu si umboni wa ntchito yabwino. Inu ogula, yatsani makinawo muli m'sitolo momwemo, muone mndandanda wa mapulogalamu, ndipo zosafunika auzeni achotse musanapereke ndalama. Akuluakulu a maofesi ndi a sukulu, musalole kuti aliyense azilowetsa chomwe wafuna pa makina a onse. Nalo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limamva madandaulo a ogula, lingachite bwino kuphunzitsa anthu kuti zomwe zili m'kati mwa kompyuta ndi gawo la katundu yemwe agula.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo wa pa kompyuta sakamuka yekha, amakhala mpaka mwini nyumba atamutulutsa. Kumapeto a sabata ano patulani ola limodzi, yatsani makina anu, muwerenge tizithunzi tonse tili pa desktop ndi mu Start. Pa kalikonse dzifunseni kuti kodi kameneka anakaitana ndani. Ngati si inu, tsatani komwe kakuloza, tulutsani mwini wake, kenako fufutani kachithunziko. Ndipo ulendo wina mukamalowetsa pulogalamu, werengani tsamba lililonse musanadine Next.